Ba Marjory ndi Kalata ya Mwana Wofatsa

Ine ndine telala. Ndimasokera pakhonde la shopu ina kuno ku Kanyama mu Lusaka, pafupi ndi msika, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi makina anga akhala akuyang'anizana ndi chitseko cha Ba Marjory Daka, mayi a fotokope. Ngati alipo munthu wowadziwa mayi amenewa, ndine. Ndawamva akukangana ndi makina awo pepala likakanirira m'kati, ndadya nawo chimanga chootcha masiku amvula, ndipo ndayankha mafunso awo mpaka kukhosi kuchita kuuma.

Pajatu Ba Marjory matenda awo ndi kufunsa. Mukalowa kuti akukopereni chitupa, mutuluka atadziwa kwanu, ntchito ya amalume anu, ndi chomwe chinakutemani pachipumi. Si miseche ayi, zomwe amva sapita nazo kwina. Amangofuna kudziwa basi. Tsiku lina anandifunsa kuti ulusi wapansi umakolana bwanji ndi wapamwamba pomwe singano imangolowa n'kutuluka. Ine ndasoka zaka makumi atatu osadzifunsapo zimenezo. Ndinawauza kuti makina amasoka, andisiye ndigwire ntchito. Iwo anagwada pasimenti ndi diresi lawo loyera, anatsegula kachitseko kapansi, n'kuyamba kuzunguza gudumu pang'onopang'ono, mpaka kasitomala amene ankawadikira anatopa n'kupita kwina.

Kwawo ndi ku Chadiza. Ku yunivesite sanapondeko. Atamaliza sekondale anaphunzira kutaipa, nabwera ku Lusaka, nagwira ntchito mu ofesi ya sukulu ina ku Matero zaka makumi awiri ndi ziwiri. Atapuma anagula makina a fotokope ogwirapo kale ntchito ndi kompyuta imodzi, n'kutsegula kachipinda ndikunenaka. Amuna awo anamwalira kalekale, ana awo awiri ali ku Kitwe ndi ku Chipata. Munthu wotere mungaganize kuti wangotsala n'kudikira zidzukulu pa holide. Koma kafunseni aphunzitsi a kuno kuti mwana amene wakhoza kwambiri, ndipo akulota za mayunivesite akunja aja ovuta kulowa, apite kwa yani. Akuuzani kuti kwa mayi a fotokope, moyang'anizana ndi telala wolongolola. Telala wolongololayo ndine, Betty, ndipo sindikana.

Zinayamba ndi mtsikana wina dzina lake Mutale, amene anabwera kudzatumiza mapepala ake pa kompyuta zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Mwanayo anali ndi mapointi sikisi pa mayeso a Giredi 12, ndiye kuti panalibenso pokhozera kuposa apo. Anafunsira malo ku mayunivesite asanu a ku America, aja amati akamufuna mwana wosauka amamulipirira zonse. Onse asanu anamukana. Ine ndinangoti pepa mwanawe, azungu ndi azungu. Ba Marjory ayi. Chisoni chinawagwira, inde, koma chomwe chinawadya kwenikweni linali funso: mwana wakhoza zonse, amukana chifukwa chiyani?

Kuyambira pamenepo, makasitomala akachepa, ankakhala pa kompyuta magalasi ali pamphuno, kuwerenga. Ankalembera maofesi a masukulu amenewo, iwo mayi a ku Kanyama, kufunsa kuti mumayang'ana chiyani. Ena sankayankha. Ena ankayankha, ndipo woyankha kamodzi ankalandira mafunso ena khumi. Zomwe apeza ankandifotokozera ine ndili pakati posoka, kaya ndikufuna kaya sindikufuna. Ndi mmene ndinadziwira kuti masukulu amenewo pa ana zana amatengapo anayi kapena asanu, chonsecho zana lonselo ndi ana okhoza okhaokha. Mapointi amangokufikitsa pakhomo. Kuti ulowe pamafunika zinthu ziwiri: nkhani yomwe mwana walemba yonena za iye mwini, ndi kalata ya mphunzitsi wake yomuchitira umboni.

Tsopano chaka chilichonse, kuyambira Ogasiti, pabenchi la pakhomo pawo pamakhala ana atatu kapena anayi. Pa zaka zonsezi apita asanu. Okanidwa ndi ambiri, ndipo Ba Marjory sabisa, amawauza tsiku loyamba lomwe kuti afunsirenso malo kuno kwathu. Lamulo lawo ndi limodzi: iwo salembera munthu, amangofunsa. Mwana akaitanidwa kuti akacheze ndi a kusukuluko pa kompyuta, amayamba amuyeseza pa ine, kuti aphunzire kuyankha munthu wamkulu akumuyang'ana m'maso. Ana ena amachita thukuta, poti nkhope yanga si yosekerera.

Ndiye mudzaone ana akamabweretsa nkhani zawo koyamba. Zonse zimakhala imodzi: ndinabadwira m'banja losauka, ndinkawerengera kandulo, ndikufuna kudzathandiza dziko langa. Ba Marjory ali ndi dirowa yomwe amaitcha ya makandulo, ndipo nkhani zoterezi amaponya mmenemo. Amati si bodza, kandulo tonse tawerengera, koma anthu akunja aja amalandira makandulo kuchokera dziko lonse lapansi, sangakumbukire yako. Akatero amayamba kumufunsa mwana zooneka ngati zopanda mutu: Loweruka umatani, chimakukwiyitsa n'chiyani, unakwapulidwapo chifukwa cha chiyani. Mwana akauma pakamwa, amatseka shopu n'kupita naye kwawo kukaona okha.

Ndi mmene zinayendera ndi Monalisa Miti. Mayi ake amagulitsa makala, bambo ake ndi mlonda ku mafakitale. Mtsikana wamtali, wosalankhula pagulu, wamapointi sikisi nayenso. Nkhani yake yoyamba inalowa m'dirowa ya makandulo, yachiwiri chimodzimodzi. Ba Marjory anamufunsa milungu iwiri osapeza kanthu, ndiye tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anamutsatira kwawo, kumunsi kuja komwe madzi amayambira kudzaza mvula ikagwa.

Anabwerako fumbi mpaka m'maondo, nkhope ikuwala. Anati khoma la m'nyumba ya kwa Miti ndi lokandidwa ndi msomali, mizere yopingasa kuyambira pansi mpaka m'chiuno, ndipo mzere uliwonse uli ndi deti lake. Kuyambira ali Giredi 5, Monalisa wakhala akuika chizindikiro pomwe madzi afika chaka chilichonse. Kuseri kwa nyumba kuli chitsime chosaya, ndipo mtsikanayo ali ndi chingwe chomangamanga mfundo chomwe amaponya mmenemo m'mawa uliwonse nyengo ya dzinja, n'kulemba m'kope. Makope analipo asanu ndi limodzi. Anali atazindikira kuti madzi a m'chitsime amayamba kukwera masiku angapo nyumba isananyowe, ndiponso kuti simenti ya m'chipinda imatulutsa madzi ngakhale tsiku lomwe kunja kuli dzuwa. Anthu oyandikana nawo ankabwera kudzamufunsa kuti akweze liti mabedi pamabuloko.

Atafunsidwa chifukwa chake sanalembe zimenezi, Monalisa anati ni vinthu va manyazi, azungu aziti kwawo amagona m'madzi. Ba Marjory anamuuza kuti ayambe waiwala za azungu, afotokozere iwo, chifukwa akhala ku Kanyama zaka zonsezi osadziwa kuti madzi ena amachokera pansi. Ndipo sankanamizira, ankafunadi kudziwa. Anamufunsa mwanayo mpaka nkhani inatuluka yokha. Monalisa anailemba kasanu ndi kawiri. Yomaliza anandiwerengera, ndipo ine amene chaka chilichonse ndimatukwana otaya zinyalala m'ngalande ndinangoti kukamwa yasa.

Inatsala kalata ya mphunzitsi, ndipo zonse zinayenera kukhala zitatumizidwa pofika pa 1 Januwale. Monalisa anasankha Ba Enos Njobvu, amene anamuphunzitsa jogalafe zaka zitatu. Ba Njobvu ndi bambo achikulire, mkulu wa mpingo, ovala jekete ngakhale kutenthe bwanji, ndipo kompyuta saikhulupirira. Kalata analemba pamanja, zilembo zokongola zopendekera, nabwera nayo Khirisimasi itatsala masiku anayi kuti Ba Marjory aitaipe ndi kuwathandiza kutumiza.

Atachoka, Ba Marjory anandiwerengera akumasulira m'Chinyanja. Kalatayo inkati Monalisa ndi mwana wofatsa, waulemu, womvera. Inkati sayankha akulu, satsutsa, pa zaka zitatu sanavutitsepo mphunzitsi aliyense, ndipo kulikonse komwe angamuike adzakhala phee n'kuchita zomwe wauzidwa.

Ine ndinaomba m'manja. Muyenera kudziwa kuti kupatula kusoka ndine mlangizi, atsikana a mpingo wathu akamakwatiwa amadzera m'manja mwanga. Ndinati kalata ndi imeneyi, mwana wa munthu atanenedwa chonchi kwa akuchimuna ukwati ungachitike sabata yomweyo.

Ba Marjory sanaseke. Anavula magalasi, nakhala pampando. Kenaka anandiuza kuti kalata imeneyi ikafika kumene ikupitako imutaya mwanayo. Kumeneko akawerenga kuti wofatsa, wosatsutsa, wochita zomwe wauzidwa, amamva kuti mphunzitsi wasowa chonena, mwinanso mwanayo samukumbukira n'komwe. Iwo amafuna kumva za mwana amene mutu wake sukhala pansi. Choopsa kwambiri chinali chakuti nkhani ya Monalisa inkanena za mtsikana woponya chingwe m'chitsime, pomwe kalata inkanena za mtsikana wongokhala phee. Owerenga akanakhulupirira wamkulu, n'kuganiza kuti nkhani ija wina anamulembera.

Ndinawafunsa kuti nanga vuto lili pati, wotaipa si inu? Chotsani wofatsayo muikepo zomwe azungu akufuna, Ba Njobvu adzangosaina, za pa kompyuta saziyang'ana kawiri. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti tikabe mbuzi. Anati dzina lili pansipo ndi la Ba Njobvu, ndipo pa zaka zawo zonse za mu ofesi sanasinthepo liwu la munthu. Anawonjeza, motsitsa mawu, kuti makalata ngati amenewa anataipa mazanamazana ku Matero kuja, mawu omwewa, ankangosintha dzina la mwana pamwamba. Ndinakwiya nawo, ndisaname. Ndinawauza kuti kuona mtima kwawoko kudyetsa mwana wa eni ake makala moyo wake wonse, ndipo masana amenewo sitinadyere limodzi.

M'malo mosintha kalata, anachita zomwe amadziwa. Anaitana Monalisa n'kumufunsa kuti m'kalasi ya Ba Njobvu ankakhala bwanji. Mtsikanayo anayang'ana pansi. Kenaka anaulula kuti ali Giredi 11 Ba Njobvu anamutulutsapo m'kalasi. Tsikulo ankaphunzitsa za kusefukira kwa madzi, nati Kanyama imadzaza chifukwa anthu amatseka ngalande ndi zinyalala, basi. Monalisa anakweza dzanja n'kunena kuti si zokhazo, madzi ena amatuluka pansi. Ba Njobvu anati buku silikutero. Iye anayankha kuti ndiye kuti bukulo silinafike ku Kanyama. Kalasi yonse inaseka. Anamupatsa chilango chotchetcha udzu masiku atatu, ndipo mayi ake anachita kusiya makala pamsewu n'kupita naye kukagwada, kupepesa.

Apa ndi pomwe ine ndinamvetsa, Ba Marjory asanamvetse n'komwe, chifukwa izi ndi za ntchito yanga. Ba Njobvu sanamuiwale mwanayo. Ankamubisira. Kwathu kuno ukamamunenera mwana kwa alendo sutchula tsiku lomwe anayankha akulu. Umaphimba, monga ine ndimaphimbira kwa apongozi kuti mkwatibwi ndi waukali. Bamboyo analemba kalata ija ndi mtima wa kholo.

Nanga munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, umamuuza bwanji kuti kalata yake yachifundo ndi yolakwika? Ba Marjory anati ndiwaperekeze, popeza ine ndimadziwa kuzungulira nkhani. Tinapita pa 27 Disembala masana. Mvula inali itagwa masiku atatu, moti tinayenda ndi majombo mpaka pamsewu waukulu, n'kukwera minibasi ziwiri kuti tikafike ku Chawama komwe amakhala.

Anatilandira bwino, akazi awo anatipatsa tiyi. Ine ndinayamba monga mwa mwambo: kuthokoza kalata, kuyamikira zilembo, kunena kuti mwana ndi wa tonse, kuti alendo akutali nthawi zina makutu awo amamva mosiyana ndi athu. Ndinali ndisanafike n'komwe pakati, Ba Marjory anandidula pakamwa.

"Ba Ticha, ndifunseko. Madzi a ku Kanyama amachokera kuti?"

Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Ba Njobvu anaika kapu patebulo, nasuzumira kukhitchini kuona ngati akazi awo akumva. Kenaka anafunsa ngati mwanayo ndiye watiuza. Atamva kuti inde, anapumira m'mwamba. Anati nkhani ija anaikwirira dala. Mwana ndi wanzeru, sakanalola kuti tsiku limodzi la mwano limutsekere mwayi kwa anthu osamudziwa.

Ba Marjory anafunsanso, osati za mwano, koma za madzi: nanga mwanayo ankanama? Apa bamboyo anatiuza chinthu chomwe anali asanauzepo munthu. Anati nkhaniyo inawakhala kukhosi, moti pa holide ya Epulo chaka chomwecho anapita okha ku Kanyama, atavala chipewa kuti ana a sukulu asawazindikire, nakasuzumira m'zitsime za anthu. Anakafunafunanso mabuku onena za miyala ya pansi pa Lusaka. Anapeza kuti ngalande zilidi ndi mlandu wake, koma mwanayo ananena zoona: pansi pathu pali mwala wamaenje umene umasunga madzi, ndipo ukadzaza madziwo amatulukira m'nyumba za anthu. Ana a Giredi 11 a chaka chotsatira anawaphunzitsa zolondola. Koma Monalisa sanamuuze kanthu.

Ba Marjory maso anali atatuluka, kufunsa kuti mwalawo uli pakuya bwanji, maenjewo anaboola n'chiyani, mpaka ndinachita kuwaponda phazi kuti akumbukire chomwe tabwerera. Ndiye anawapempha kuti alembe zomwe atiuzazo, ndendende mmene azinenera. Ba Njobvu anakana. Anati iwo aphunzitsa zaka makumi atatu ndi chimodzi, sangalembere anthu akunja kuti anagonja kwa mwana wa sukulu. Anatinso sakhulupirira kuti kuli dziko lomwe mwano umayamikiridwa, ndipo ife tikufuna kuti amuwonongere mwanayo ndi dzanja lawo.

Ba Marjory anatsegula chikwama chawo, natulutsa pepala lachikasu lopindapinda, lomatidwa ndi selotepi mopindikamo. Ine zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndisanalionepo. Analiika patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi.

"Iyi anandilembera ahedi a kusekondale kwathu mu 1984. Ine ndinali mwana wovuta, Ba Ticha, wofunsa mpaka kukwapulidwa. Ndinkafuna kukaphunzira za mankhwala. Iwo anandimvera chisoni, anabisa zonse, analemba kuti ndine wofatsa, womvera, woyenera ntchito ya mu ofesi. Inagwira ntchito kalatayi. Ndataipa makalata a anthu ena moyo wanga wonse."

Ba Njobvu anawerenga pepalalo, nalipinda bwinobwino, nalibweza. Anatiperekeza mpaka pageti. M'minibasi ndinawakalipira Ba Marjory kuti awononga zonse ndi kufunsa kwawo, akanandisiya ndimalize kuzungulira mwina bamboyo akanafewa. Ankangoyang'ana madzi m'mphepete mwa msewu, chikwama atachikumbatira pamiyendo.

Masiku atatu anadutsa kuli zii. Ba Marjory anataipa kalata yoyamba ija liwu ndi liwu, chifukwa anati ikapanda kubwera ina atumiza yomweyo, ndiyo ya mwini wake. Monalisa ankabwera m'mawa uliwonse, kukhala pabenchi osafunsa kanthu. Ndinalumikiza mkono wa bulauzi mozondoka, n'kuphwasula, n'kulumikizanso mozondoka.

Pa 31, cha m'ma 11 koloko, tinaona munthu akudutsa m'madzi a pamsika, buluku atapinda mpaka m'maondo, jekete ili pathupi, nsapato zili m'pulasitiki. Anali Ba Njobvu. M'pulasitiki ina munali envulopu.

Kalata yatsopanoyo inali masamba anayi. Anafuna kuti Ba Marjory aiwerenge mokweza Monalisa akumva, koma iwo anakana, anati mwanayo anasainira kale pa fomu kuti sadzaona zomwe mphunzitsi wamulembera. Ba Njobvu anaima pakhomopo miyendo ikudontha, kusowa chochita. Ndikuganiza kuti njira yonse ankadalira kuti pepala liwanenera. Kenaka anatembenukira kwa mtsikanayo, amene anali atagwada kale powapatsa moni.

"Imirira, Monalisa. Za madzi zija, unanena zoona. Ndinapita kukaona ndekha. Ndinayenera kukuuza kalekale."

Mwanayo anagwira pakamwa n'kuthawira kuseri kwa makina anga, n'kumalirira m'nsalu za makasitomala. Ndinamusiya, ngakhale imodzi inali ya ukwati.

Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, anabwera 3 koloko. Nthawi yonseyo Ba Njobvu anakhala pabenchi la ana, kuumitsa mapazi. Zomwe zinali m'kalatamo sindinauzidwe, koma Ba Marjory akamataipa milomo imayenda, ndipo Chingerezi changa cha pamsikachi chinakwana kumva chiganizo choyamba: mwana uyu ananditsutsa pamaso pa kalasi, ndinamulanga, ndipo wolakwa ndinali ine. Atamaliza, Ba Njobvu anawerenga pa kompyutapo mzere ndi mzere kuona ngati liwu lina lasinthidwa. Batani lotumizira anadina okha, ndi chala chimodzi, ataima chapatali.

Mayankho anabwera kumapeto kwa Malichi. Monalisa anali atafunsira masukulu asanu ndi imodzi. Asanu anamukana. Imodzi inamutenga, ndi zonse, ndi tikiti ya ndege yomwe, kuti akaphunzire za madzi a pansi pa nthaka. Mayi ake anabwera atasenza thumba lathunthu la makala, nalitula pakhomo pa fotokope, n'kuvina pamatope mpaka amsika anasonkhana. Sindinganene kuti ndi kalata yokha yomwe inamupititsa. Ba Marjory amati zimenezo palibe angadziwe, ngakhale analembera sukuluyo kufunsa, ndipo mpaka lero sanawayankhe. Kwa ine chomwe chinasintha n'chakuti Loweruka lotsatira, ndikulangiza mtsikana wina wa mpingo, nditafika pa mawu aja oti usamayankhe, lilime linandilemera. Ndinanena ndithu, koma motsitsa.

Patapita sabata Ba Njobvu anabweranso, tsopano nsapato zili kuphazi, ndi envulopu ina. Ba Marjory anafunsa kuti ndi ya mwana uti, popeza nyengo yotumiza mafomu inali itatha. Anati iyi si yotaipa. Anaiika pamwamba pa makina a fotokope, natitsanzika tonse awiri, napita.

Linali tsamba limodzi, zilembo zopendekera zija, lolembedwa m'Chinyanja, moti ndinawerenga nawo ndili kumbuyo kwawo. Pamwamba panali dzina la Marjory Daka. Kalatayo inkati mayi ameneyu amafunsa kwambiri, samva akauzidwa kuti zakwana, amadula akulu pakamwa, ndipo sukulu iliyonse yomwe ikanamutenga ikanachita mwayi. Pansi anasaina Enos Njobvu, mphunzitsi.

Ine zinandipweteka, ndisabise. Kalata yoteroyo kufika munthu ali ndi imvi, yopanda kotumiza.

Ba Marjory anaiwerenga ataima. Anaiwerenganso atakhala. Ndinadikira funso, poti mayi aja sangagwire pepala osafunsa kanthu, koma silinabwere. Anatsegula chikwama, naiika pamodzi ndi yachikasu ija. Kenaka anavula magalasi, nandipempha kuti ndiwaonereko shopu pang'ono, ndipo analowa m'kati n'kutseka chitseko. Makasitomala awiri amene anafika masana amenewo ndinawauza kuti abwere mawa.